Kireshi zidachoka kwa a Social, zili kwa a maphunziro: kodi yanga anditsekera?

Funso: Ndine Mmalawi, ndimakhala kummwera kwa Johannesburg. Ndimasunga ana 23 m'galaja ya nyumba yomwe ndimachita lendi, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a Amalawi anzanga omwe amalawirira ku ntchito. Sindidalembetse kuboma. Anzanga akuti masiku ano kireshi sizilinso m'manja mwa a Social, zili pansi pa ofesi ya maphunziro ya district, ndipo akuti ana onse azipita kusukulu za boma. Kodi anditsekera? Nanga ndalama za boma zomwe anzathu ena amalandira, ine ndingazipeze?

Yankho: Mayi, zomwe anzanu akuuzani ndi zoona mbali imodzi yokha. N'zoona kuti kireshi za ku South Africa zidachoka ku dipatimenti ya Social Development n'kupita ku dipatimenti ya Basic Education, ndipo ofesi yomwe muzikagogoda tsopano ndi ya maphunziro ya district yanu. Koma zoti boma likutolera ana onse kukawaika kusukulu zake, ayi. Boma lilibe zipinda, lilibe aphunzitsi, lilibenso ndalama zochitira zimenezo. Likudalira anthu ngati inu. Chomwe chingakuvuteni si kusamuka kwa maofesiku, koma zinthu zina zomwe sizidasamuke n'komwe, ndipo ndikhalitsa pamenepo.

Tiyambe ndi zomwe zidachitika. Pulezidenti Cyril Ramaphosa adalengeza za kusinthaku mu February 2019, polankhula ku mtundu wa dzikolo potsegulira Nyumba ya Malamulo. Ntchito yeniyeniyo idasamuka pa 1 April 2022, tsiku lomwe chaka cha ndalama za boma chimayamba, nthawi imene nduna ya maphunziro idali Angie Motshekga. Lamulo silidalembedwe latsopano. Likadali lomwe lija la ana, Children's Act ya 2005, ndipo mitu yake iwiri yokhudza malo osungirako ana masana ndi maphunziro a mmera mpoyamba ndiyo idapatsidwa mwini wina. M'zigawo zonse 9 za dzikolo, mphamvu zolembetsa kireshi, zoziyendera ndi zozipatsa sabuside, ndalama ya boma yothandizira kireshi, zidachoka kwa mkulu wa Social Development wa chigawo n'kupita kwa mkulu wa maphunziro. Ogwira ntchito nawonso adasamuka ndi mafailo awo, n'chifukwa chake musadabwe mukapita ku ofesi ya maphunziro n'kulandiridwa ndi social worker. Ndi omwe aja, angosintha khomo.

Pansi pa zigawozo pali ma district a maphunziro 75. Chigawo cha Gauteng chokha, momwe muli Johannesburg, chili nawo 15, ndipo asanu amatchedwa ndi dzina la Johannesburg: Central, East, North, South ndi West. Malire ake sayenderana kwenikweni ndi momwe ife timatchulira madera, moti kukhala kummwera kwa mzinda sikutanthauza kuti muli pansi pa Johannesburg South. Musataye ndalama ya taxi poyendayenda. Pitani pa pulayimale ya boma yomwe mwayandikana nayo, mufunse kalaliki wa mu ofesi kuti sukuluyo ili pansi pa district iti, ndipo mukafika kumeneko mukafunse gawo la ECD, loona za maphunziro a mmera mpoyamba.

Inu mudakulira kwathu, ndiye dongosolo lakale la kunoli mukulidziwa ngakhale simudalilowe. Ku Malawi sukulu za mkombaphala za m'midzi, zija za ma CBCC, zakhala zikuyang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu kudzera ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma, pomwe pulayimale ili ndi unduna wake. Kunonso zidali choncho. Mwana wa zaka zinayi ankaonedwa ngati munthu wofunika kutetezedwa ndi kudyetsedwa, osati kwenikweni wophunzira. Woyendera akabwera ankaona chimbudzi, mpanda, mphika ndi kaundula wa mayina. Zoti kodi anawa akumva nthano, akuimba, akuwerenga timiyala, akudziwa kugwira kirayoni, sankazifunsa kwambiri chifukwa sidali ntchito yomwe adaiphunzira. Chodabwitsa n'chakuti ndondomeko ya zophunzitsa ana kuyambira pobadwa mpaka zaka zinayi, yomwe amaitcha NCF, idatuluka mu 2015 kuchokera ku dipatimenti ya maphunziro yomweyo, ndipo kalasi ya Grade R, yomwe mwana amalowa asanayambe Grade 1, idali kale m'manja mwake kuchokera pa ndondomeko ya boma ya 2001. Ndiye wolemba zophunzitsa adali wina, wolembetsa ndi kupereka ndalama adali wina, ndipo awiriwa sankakumana kawirikawiri.

Zotsatira zake zidaonekera. Kafukufuku wa Thrive by Five wa 2021, yemwe adayeza ana a zaka zinayi ndi zisanu omwe ali kale m'makireshi, adapeza kuti oposa theka sankakwanitsa zomwe mwana wa msinkhu wawo amayenera kukwanitsa. Chaka chomwecho mayeso a PIRLS, oyeza kuwerenga kwa ana m'maiko ambiri, adaonetsa kuti ana 81 mwa 100 alionse a Grade 4 sankatha kuwerenga momvetsa nkhani m'chilankhulo chilichonse. Aphunzitsi a Grade 1 akhala akudandaula kwa zaka kuti vutoli limafika pakhomo pawo litakula kale. Pa chifukwa chimenechi ine ndimaona kuti kusamukaku kudali koyenera. Amene adzalandire mwanayo ali ndi zaka 6 ndi bwino azimudziwa ali ndi zaka zitatu.

Koma walira mvula walira matope. Ofesi ya district idamangidwa poganizira sukulu: malo a boma, hedimasitala wolandira malipiro a boma, nambala ya sukulu mu kompyuta, kalendala imodzi ya dziko lonse. Kalembera wa makireshi wa 2021 adapeza malo 42,420 osungira ndi kuphunzitsa ana pafupifupi 1.66 miliyoni. Sukulu zonse za m'dzikolo, za boma ndi zomwe si za boma, zili pafupifupi 25,000. Ndiye kuti maofesi omwe ankalemedwa kale ndi sukulu zawo adalandira katundu woposa yemwe adali naye, ndipo katunduyo ali m'magalaja, m'matchalitchi, m'makontena ndi m'mashaki a ku Diepsloot ndi ku Orange Farm, malo oti ena alibe ngakhale nambala ya nyumba. Mwa malo onsewo, 40 mwa 100 alionse ndiwo adali olembetsedwa, kaya kwathunthu kaya mongoyembekezera kuti akonze zina, ndipo amodzi mwa atatu alionse ndiwo ankalandira sabuside. Simuli nokha, mayi. Osalembetsa ngati inu ndi khamu.

Chinthu chimodzi musachisokoneze: district siyikhala mwini wa kireshi yanu. Siyidzakulembani ntchito, siyidzalipira wokuthandizani, siyidzakuuzani fizi yoti muzilipiritsa. Kireshi ikadali yanu. Iwo ntchito yawo ndi kulembetsa, kuyendera, kulangiza ndi kuyendetsa sabuside.

Tsopano ku funso lomwe likukusowetsani tulo. Lamulo likunena kuti aliyense wosunga ana oposa 6 m'malo mwa makolo awo ayenera kulembetsa. Inu muli ndi 23, ndiye palibe kozembera. Mkulu wa maphunziro wa chigawo ali ndi mphamvu yokulemberani kalata yoti mulembetse pofika tsiku lakuti kapena musiye, ndipo mukanyozera akhoza kupita kukhoti. Mphamvuyo ilipo. Koma boma lidaona lokha kuti likatseka onse osalembetsa, ana mazanamazana adzatsala otsekeredwa m'nyumba makolo ali ku ntchito, kapena adzasiyidwa ndi mlongo wawo wa zaka 9. N'chifukwa chake dipatimenti ya maphunziro, yomwe pakati pa 2024 idayamba kutsogoleredwa ndi Siviwe Gwarube, ili pa kampeni yolembetsa makireshi ambiri nthawi imodzi yotchedwa Bana Pele. Kulembetsako kuli ndi makwerero atatu, Bronze, Silver ndi Gold. Loyambalo limafuna zinthu zochepa, kungoti boma lidziwe kuti mulipo, ndinu ndani, muli ndi ana angati ndi antchito angati, ndipo mungayambe pa foni. Pambuyo pake ndi pomwe amabwera kudzaona malo. Amene amatsekeredwa msangamsanga ndi amene apezeka ndi choopsa chenicheni: ana okhomeredwa m'chipinda popanda wamkulu, waya wa magetsi wosenda pomwe ana akukwawa, dzenje losatseka, kapena mwana womenyedwa. Pa zimenezo palibe kunyengerera, ndipo ine sindingakupemphereni chifundo.

Vuto lalikulu lili ku khonsolo ya mzinda, ndipo khonsoloyo siyidasamuke. Satifiketi ya zaumoyo imachokera kwa woyendera zaukhondo wa City of Johannesburg. Za moto ndi a ozimitsa moto a khonsolo yomweyo. Chilolezo chogwiritsa ntchito nyumba yogonamo ngati kireshi, komanso mapulani ovomerezeka a nyumbayo, n'za khonsolonso. Ofesi ya maphunziro ilibe mphamvu yolamula khonsolo kuti ifulumire. Makireshi ambiri omwe akhala zaka osalembetsa sadakanidwe ndi a Social ayi, adakakamira pa mapepala a khonsolowa, ndipo kusintha kwa 2022 sikudachotse chipsinjo chimenechi. A Social nawonso simudathane nawo: kulembetsa bungwe losapanga phindu, lija amati NPO, kukadali kwa iwo, ndipo ndi iwonso amasunga kaundula wa anthu oletsedwa kugwira ntchito ndi ana, momwe dzina lanu ndi la aliyense wokuthandizani liyenera kufufuzidwa. Onjezani a zaumoyo pa nkhani ya katemera. Makomo sadachepe. Lasintha ndi khomo loyambira basi.

Ndikuuzeni zomwe woyendera adzaone akalowa m'galaja yanu, kuti muzione nokha iye asanabwere. Adzayamba ndi geti: kodi mwana wa zaka ziwiri angalitsegule n'kutulukira mumsewu? Akalowa adzayang'ana pomwe mumaphikira phala. Ngati sitovu ya gasi kapena ya parafini ili m'chipinda chomwecho momwe ana amaseweramo, popanda chotchinga, adzalemba. Adzafuna kuona chozimitsira moto chomwe sichidathe nthawi yake, kabokosi ka mankhwala a chithandizo choyamba, madzi osamba m'manja ndi sopo pafupi ndi chimbudzi, mapoti a ana aang'ono, malo osinthira matewera otalikirana ndi chakudya, ndi mazenera olowetsa mpweya, pakuti galaja zambiri zili ndi chitseko chachikulu chimodzi ndi kazenera kamodzi kumbuyo. Adzayang'ana komwe mumaika Jik ndi mankhwala a mphemvu ndi makoswe. Kenako adzatulutsa tepi. Muyezo womwe umagwiritsidwa ntchito ndi malo a masikweyamita 1.5 pa mwana aliyense m'kati. Galaja ya galimoto imodzi nthawi zambiri imakhala pafupifupi mamita 3 m'lifupi ndi 6 m'litali, omwe ndi masikweyamita 18, ndiye kuti ana 12. Ya magalimoto awiri ingakwane ana anu 23, koma mothinana, ndipo pomwe pali kabati ndi firiji sipawerengedwa ngati malo osewerera. Tengani tepi mawa muyeze. Ngati galajayo ndi yaing'ono, satifiketi idzatuluka ndi nambala ya ana yochepa kuposa omwe muli nawo, ndipo n'kwabwino kudziwiratu kuti muyambe kuyang'ana holo ya tchalitchi kapena chipinda china.

Palinso chiwerengero cha olera. Makanda osakwana miyezi 18 amafuna mlezi mmodzi pa ana 6, pomwe a zaka zitatu ndi zinayi mlezi mmodzi angasunge 20. Simudanene misinkhu ya ana anu, koma ngati muli nokha ndi ana 23 ndipo ena ndi a kumsana, ndikuuzani mosabisa kuti mwapyola muyezo, lamulo lilipo kapena palibe. Munthu mmodzi sangasinthe thewera uku akuyang'ana ana 22.

Nkhani ziwiri zomwe zimagwetsa Amalawi ambiri zilibe chochita ndi district. Yoyamba ndi landilodi. Khonsolo imafuna chilolezo cha mwini nyumba cholembedwa, ndipo eni nyumba ena amakana chifukwa safuna kuti boma lidziwe zipinda zomwe adamanga kuseri popanda mapulani. Lankhulani naye musanayambe kudzaza mafomu, kuopa kuti woyendera angafike iye asakudziwa n'kukupatsani notisi. Yachiwiri ndi mapepala anu. Mafomu onse amafuna chiphaso cha mwini kireshi, ndipo kwa mlendo ndi pasipoti yokhala ndi pemiti yolola kugwira ntchito kapena kuchita bizinesi. Chidindo cha mlendo wongocheza sichilola zimenezo. Ngati pamenepa sipali bwino, kalandireni uphungu kwa odziwa malamulo a olowa ndi otuluka musanapite kwina kulikonse. Ena amalembetsa m'dzina la mnzawo wa kuno. Ndikuchenjezeni: pa pepala kireshiyo imakhala yake, akaunti ya ku banki imakhala yake, ndipo tsiku lomwe mudzayambane mudzatuluka ndi mipando yokha.

Za ndalama. Kulembetsa si kulandira sabuside. Ndi njira ziwiri zosiyana, ndipo yoyamba imangokutsegulirani yachiwiri. Mukalembetsa, mumafunsira sabuside payokha, mumasaina mgwirizano ndi dipatimenti ya chigawo, ndipo mumapatsidwa ngati m'thumba la chaka chimenecho mwatsala kanthu. Kawirikawiri amafuna kuti kireshi ikhale NPO yokhala ndi komiti ndi akaunti ya ku banki m'dzina la bungwelo, osati lanu. Ndalamayo siyiperekedwa pa ana onse, koma pa ana ochokera m'mabanja opeza zochepa malinga ndi muyezo wa boma, ndiye makolo amayenera kubweretsa umboni wa zomwe amapeza ndi mapepala a mwana. Pa ana omwe makolo awo ndi alendo, funsani gawo la ECD kuti likulembereni mapepala omwe limalandira, mukhale ndi yankho lolembedwa osati la pakamwa.

Kuchuluka kwake musakuyembekezere kwambiri. Kwa zaka zingapo sabuside idaima pa R17 pa mwana pa tsiku, kwa masiku 264 pa chaka, mitengo ya ufa, mafuta ndi magetsi ikukwera chaka ndi chaka. Bajeti ya 2025 idaika ndalama zokwezera kufika pa R24. Taganizani: malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dzikolo mu March 2025 adaikidwa pa R28.79 pa ola limodzi. Ndalama yomwe boma limapereka kuti mwana adye, aphunzire ndi kusamalidwa tsiku lonse siyifika pa malipiro a ola limodzi a wantchito wolandira zochepetsetsa. Ana 20 atavomerezedwa pa R24, pa mwezi wa masiku 22 mungalandire R10,560. M'menemo muchotse chakudya, malipiro a olera awiri, lendi ndi magetsi. Imathandiza ndithu, makamaka pa chakudya, koma siyilowa m'malo mwa fizi. Kalembera wa 2021 uja adapezanso kuti makireshi ambiri amayendera ndalama za makolo.

Ndipo imachedwa. Izi zidalipo nthawi ya a Social, zilipobe nthawi ya a maphunziro. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, khoti lalikulu ku Pretoria lidachita kulamula kuti sabuside zomwe zidagwidwa makireshi atatsekedwa ziperekedwe. Mu 2025, ntchitoyi ili kale kwa a maphunziro, khoti lalikulu ku Pietermaritzburg lidalamulanso dipatimenti ya maphunziro ya KwaZulu-Natal kulipira makireshi omwe adakhala miyezi osalandira. Apa m'pomwe ine ndimadera nkhawa ndi dongosolo latsopanoli. M'dipatimenti ya maphunziro ndalama zambiri zimapita ku malipiro a aphunzitsi, ndipo aphunzitsiwo ali ndi mabungwe amphamvu owalankhulira. Thumba likaphwa, wosavuta kumuchedwetsa ndi mayi wa kireshi yemwe alibe womulankhulira. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti alowe forum ya makireshi ya m'dera lake. Kumeneko n'komwe mumamva tsiku lotsekera mafomu, dzina la woyendera watsopano ndi maphunziro aulere omwe abwera, ndipo kalata yodandaula yosainidwa ndi makireshi makumi atatu imayankhidwa msanga kuposa ya munthu mmodzi. Mudzasunge kaundula wa ana obwera tsiku lililonse ndi malisiti a chilichonse chomwe mwagula, ngakhale a kabichi. Ripoti likasowa, gawo lotsatira la ndalama limaima.

Mphekesera yoti ana onse apita kusukulu za boma idachokera pa Grade R, ndipo apa pali choonadi chomwe chikhudze thumba lanu. Mu September 2024 pulezidenti adasaina lamulo losintha malamulo a maphunziro, lodziwika kuti BELA, lomwe lidachititsa Grade R kukhala yokakamiza. Mwana ayenera kukhala atayamba Grade R m'chaka chomwe akukwanitsa zaka 6, ndipo angalandiridwe ali ndi zinayi ngati akwanitse zisanu pofika pa 30 June. Sukulu zambiri za m'madera osauka sizilipiritsa fizi ndipo zimapereka chakudya. Kholo lomwe likukulipirani mwezi ndi mwezi lidzawerengera, ndipo lidzamutenga mwana wake wa zaka zisanu. Simungalidzudzule. Koma ana akuluakuluwo ndi amene amasunga kireshi: safuna matewera, amadya okha, ndipo mlezi mmodzi amakwanira gulu lalikulu. Akachoka mumatsala ndi makanda omwe amafuna manja ambiri pa fizi yomweyo.

Si kuti kusukulu n'kwabwino pa chilichonse. Grade R imaweruka masana dzuwa lili pamutu, pomwe mayi wogwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton amafika kwawo mdima utagwa. Makalasi ena ndi odzaza, ndipo sukulu zina sizidamangidwe poganizira ana aang'ono chotere. Dziko lonse likukumbukira mwana wa zaka zisanu yemwe adafera m'chimbudzi chokumba pa sukulu ina ku Limpopo mu 2014. Mpata wanu uli pa maola amenewo. Ana omwewo omwe apita ku Grade R mungamawalandire akaweruka, kuwapatsa chakudya ndi kuwasunga mpaka makolo atabwera, ndipo zimenezi muzitchule polembetsa chifukwa nazonso zimalowa m'lamulo lomwelo.

Pali china chomwe chimandidetsa nkhawa kuposa ndalama. Kireshi ikakhala pansi pa anthu ozolowera sukulu, imayamba kudziyesa sukulu. Ndaona zipinda momwe ana a zaka zitatu akhazikidwa pamzere kuyambira m'mawa, akukopera A, B, C pa pepala lofotokopa, manja asanakhwime n'kugwira pensulo komwe, ndipo wolira akuuzidwa kuti ndi waulesi. Eni ake amachita zimenezi poganiza kuti woyendera wa maphunziro akondwera, komanso chifukwa makolo amafunsa kuti, mwana wangayu bwanji sanayambe kulemba, ndalama zanga zikupita kuti? NCF ija siyinena zimenezo. Imanena za kusewera, kulankhula, kuyenda ndi kudumpha, kufufuza zinthu, kukhala bwino ndi anzawo. Mwana yemwe wathira mchenga m'zitini zosiyana kukula n'kuona kuti china chadzaza msanga waphunzira masamu. Yemwe wasanja zitsekero za mabotolo, zofiira kuno zobiriwira uko, waphunziranso. Woyendera wodziwa ntchito adzafuna kuona ndondomeko ya tsiku yopachikidwa pakhoma, nthawi ya nthano, nthawi yosewera panja, nthawi yogona, ndi kabuku momwe mumalemba zomwe mwaona pa mwana aliyense. Wina akadzakuuzani kuti ana a zaka zitatu azilemba mayeso, mufunseni mwaulemu kuti akuonetseni tsamba la NCF lomwe likunena zimenezo.

Chichewa musachitaye poopa a district. Makolo ambiri kuno amafuna Chingerezi chokhachokha, poganiza kuti chilankhulo cha kwathu chimuchedwetsa mwana. Ndondomeko ya boma yomweyo imalimbikitsa chilankhulo cha kunyumba pa msinkhu umenewu, chifukwa mwana yemwe amatha kufotokoza nkhani yonse m'chilankhulo chimodzi savutika kutola chachiwiri. Mukati padangokhala iwo n'kuyankha kuti tilitonse, akuphunzira kumvetsera, kudikira nthawi yawo ndi kutsata nkhani kuyambira poyamba mpaka pomaliza, zomwe mphunzitsi wa Grade 1 amazifuna kuposa mwana woloweza zilembo. Chingerezi ndi Chizulu muziwapatsa m'nyimbo ndi m'masewera, adzakumana nazo kusukulu asali alendo. Ngati muli ndi ana a Chiyao kapena Chitumbuka, pemphani amayi awo akuphunzitseni kanyimbo kamodzi kapena kawiri.

Inu eni muganizirenso za pepala la maphunziro. Satifiketi yomwe imadziwika pa ntchitoyi ndi ya ECD ya NQF Level 4, ndipo imaphunzitsidwa m'makoleji ena a ntchito zamanja otchedwa TVET ndi m'mabungwe ovomerezeka. Popeza ntchitoyi ili kwa a maphunziro, funso la mapepala lizimveka kwambiri chaka ndi chaka. Musanalipire koleji iliyonse, onetsetsani kuti ndi yovomerezeka, pakuti m'tauni muno muli timakoleji ta pamwamba pa mashopu tomwe timagulitsa mapepala opanda ntchito. Ngati muli ndi MSCE, imayenera kuyamba yapita ku SAQA, bungwe la boma loona za mapepala a maphunziro, kuti aiyerekeze ndi maphunziro a kuno.

Kenako mafailo a ana. Mwana aliyense akhale ndi envulopu yake: fomu yolembetsera yokhala ndi manambala a foni awiri, fotokope ya kalata yobadwira kapena pepala la kuchipatala komwe adabadwira, ndi fotokope ya kabuku ka kusikelo, ka Road to Health, kuti muziona ngati katemera akutsatidwa. Izi zidzakuthandizani kwa woyendera, koma zidzathandiza kwambiri makolo pofunsira malo a Grade R. Ambiri mwa anthu athu amasunga mwana pakhomo mpaka zaka 7 poopa kuti sukulu imukana chifukwa alibe kalata yobadwira ya kuno. Auzeni kuti mu December 2019 khoti lalikulu ku Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape, lidagamula kuti mwana sangakanizidwe maphunziro chifukwa chosowa mapepala, kaya ndi wa kuno kaya ndi mlendo, ndipo sukulu iyenera kulandira umboni wina monga kalata yolumbira ya kholo. Kalaliki akawabweza pa geti, ofesi yokadandaulako ndi ya district yomweyo yomwe inu muzikalembetsako.

Chaka cha sukulu kuno chimayamba mu January, ndiye werengani lero kuti mwa ana 23 aja ndi angati akhale a msinkhu wa Grade R. Mukawachotsa, onani otsalawo kuti makanda ndi angati ndipo afuna olera angati, muwerengere fizi ya makanda payokha ndi ya ana obwera masana payokha. Makolo muwauze mwezi wa October kapena November, asanatumize ndalama zawo zonse kumudzi za fetereza ndi Khirisimasi.